Nkhono sibadwa ndi likodzo

Tsiku lina titamaliza pologalamu yathu ya zaumoyo pa wailesi, tinapeza mayi wina wa konkuno ku Metangula akutidikira panja ali ndi botolo m'manja. M'botolomo munali madzi a kunyanja ndi nkhono 6 zomwe anatola padooko pomwe amachapira. Mwana wawo wa zaka 9 anamwa mankhwala a likodzo kusukulu ndipo anachira, koma patangopita miyezi ingapo anayambanso kukodza magazi. Mayiwo amafuna tiwauze kuti mwa nkhono zimenezi, yomwe ikudwalitsa mwana wawo ndi iti.

Funsoli linandikhudza chifukwa inenso ndinakodzapo magazi ndili m'kalasi yachinayi, ndipo anyamata akuluakulu anandiuza kuti ndisadandaule, ndiye kukula kumeneko. Ndinakhala nalo likodzo zaka ziwiri osauza makolo. Choncho ndinatenga botolo lija n'kupita nalo kuchipatala komanso kwa aphunzitsi a sayansi a kusekondale. Anamwino atangoliona anandichenjeza kuti ndisaviikemo chala. Zomwe ndinaphunzira ndi zomwe ndakulemberani m'kalata ino, abale ndi alongo, ndipo sizikukhudza nkhono zokha ayi, koma tizilombo tonse tomwe timakhala nato m'madzi athu.

Mudzi womwe uli pansi pa madzi

Mukatenga chikho chokhala ndi mpini wautali, n'kutunga madzi pamodzi ndi matope ndi masamba m'mabango, kenako n'kukhuthulira m'beseni loyera, dikirani pang'ono madzi adikhe. Mudzadabwa. Mudzaona timphutsi tofiira tikuphiriphitha, tizilombo tina tikusambira chagada, misundu ikudzikoka, tinkhanu tikubisala pansi pa tsamba, ndi nkhono zikukwera m'mbali mwa beseni. Akatswiri amazitcha zonsezi zamoyo zopanda fupa la msana. Ife timangoti tizilombo, ndipo ambiri timaganiza kuti tonseti ndi toipa. Si choncho. Tochuluka timatigwirira ntchito usana ndi usiku popanda malipiro.

Gulu loyamba ndi la osesa. Awa amadya masamba ovunda, nsomba zakufa ndi zinyalala zina zomwe zikanaolera m'madzi n'kuwanunkhitsa. Mwa osesawa muli mtundu wina womwe akatswiri amautcha isopoda. Abale ake a kumtunda tonse timawadziwa: ndi tizilombo totuwa tophwatalala tija timabalalika mukasuntha mtsuko kapena mwala pamalo a chinyontho. Tili ndi miyendo 14, ndipo ngakhale timaoneka ngati mphemvu zazing'ono, ubale wake weniweni uli ndi nkhanu. Mitundu ina ya isopoda imakhala m'madzi moyo wake wonse. Wodziwika kwambiri ndi Asellus aquaticus wa m'mitsinje ndi m'maiwe a ku Ulaya, wotalika ngati sentimita imodzi. Kakakazi kamasunga mazira m'kathumba ka pansi pa chifuwa mpaka ana aswe, monga mayi wobereka mwana kutsogolo. Kuno kwathu ntchito yosesayi imagwiridwa kwambiri ndi nkhanu za m'mitsinje ndi timphutsi ta tizilombo touluka.

Gulu lachiwiri ndi la alenje. Tombolombo yemwe timamuona akuuluka pamwamba pa dziwe amayamba moyo wake m'madzi, ndipo amakhalamo miyezi yambiri asanamere mapiko. Ali m'madzimo amakhala ndi mlomo wam'munsi wopindika womwe amauponya kutsogolo ngati dzanja n'kugwira chilichonse chodutsa, kuphatikizapo mphutsi za udzudzu. Tizilombo tosambira chagada tija natonso timadya mphutsi za udzudzu.

Gulu lachitatu ndi lomwe limadyetsa nsomba. Nkhungu zomwe timaziona zikufuka ngati utsi pakati pa nyanja zimachokera ku timphutsi toonekera ngati galasi. Masana timphutsiti timatsikira pansi kwambiri, komwe mpweya ndi wochepa moti nsomba zambiri sizifikako, ndipo usiku timakwera kudzadya. Nsomba zambiri za pakati pa nyanja, kuphatikizapo usipa, zimadya timphutsi timeneti pamodzi ndi tizilombo tina tating'ono kwambiri toyandama m'madzi. Nkhungu siziluma munthu ndipo sizipereka matenda, n'chifukwa chake makolo athu akhala akuzikola n'kuumba ndiwo kuyambira kalekale. Tizilombo ta m'nyanja titatha, usipa utha, ndipo mphika wathu ungakhale wopanda kanthu.

Ku South Africa ana asukulu amaphunzitsidwa njira yotchedwa miniSASS, yomwe amawerenga magulu 13 a tizilombo ta mumtsinje kuti adziwe ngati mtsinjewo uli ndi moyo kapena waonongeka. Mukapezeka mitundu yambiri yosiyanasiyana, mtsinje uli bwino. Mukangotsala timphutsi tofiira ndi misundu, ndiye kuti mukulowa zoipa. Koma chenjerani: mtsinje wamoyo sindiye kuti madzi ake ndi abwino kumwa osaphitsa, ndiponso sindiye kuti mulibe likodzo.

Udzudzu nawo umayambira m'madzi

Mwa tizilombo tochepa tomwe timatipweteka, oyamba ndi udzudzu. Umaikira mazira pamadzi, mazirawo amaswa pakatha masiku 2 kapena 3, ndipo nyengo yotentha udzudzu watsopano umauluka pasanathe masabata 2. Mphutsi za udzudzu wa malungo, wotchedwa Anopheles, mungathe kuzizindikira: zimagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi, pomwe za udzudzu wina zimalendewera mutu pansi. Mtundu umodzi waukulu wa udzudzu wa malungo umakonda timadzi tochepa towombedwa ndi dzuwa, monga m'maenje oumbira njerwa, m'mapazi a ng'ombe ndi m'mikwasa ya matayala. M'malo otere alenje aja amakhala asanafikemo, choncho mphutsi zimakula mwamtendere. Dzenje la njerwa lomwe talisiya kuseri kwa nyumba lingatibweretsere udzudzu wambiri m'khomo mwathu momwe.

Tsopano nkhono ndi iti?

Tibwerere ku botolo la mayi aja. Mwa nkhono 6 zija, 4 zinali ndi kachitseko kolimba komwe zimatseka nako pakamwa pa chigoba zikaopsedwa. Zina zinali zazikulu zonenepa, zina zazitali zosongoka ngati nyanga. Nkhono za m'nyanja yathu zokhala ndi kachitseko sizinyamula likodzo la anthu. Nkhono zikuluzikulu za kumunda zomwe zimatuluka mvula ikagwa nazonso sizikhudzidwa ndi nkhaniyi.

Ziwiri zotsalazo ndi zomwe aphunzitsi anaziloza. Zinali zazing'ono ngati njere ya mtedza, zofiirira, za chigoba chopyapyala, zopanda kachitseko. Mukaimika chigoba chake nsonga kumwamba, pakamwa pakuyang'ana inu, pakamwapo pamakhala kumanzere. Dzina lake ndi Bulinus, ndipo ndi yomwe imanyamula likodzo la m'chikhodzodzo. Pali inanso yotchedwa Biomphalaria, yophwatalala ndi yozungulira ngati kankhata, yomwe imanyamula likodzo la m'matumbo.

Nkhono za Bulinus zimakonda madzi odikha kapena oyenda pang'onopang'ono: m'madambo, m'mathamanda, m'ngalande zothirira, kumathiriro a mitsinje, pansi pa masamba a kakombo ndi m'mabango. Zimadya ndere ndi zomera zovunda. Nkhono imodzi imakhala yaimuna ndi yaikazi nthawi imodzi, moti ngakhale itatsala yokha ingathe kuikira mazira n'kudzazanso dziwe. Dziwe likauma m'chilimwe, zina zimadzikwirira m'matope n'kudikira mvula. Ndiye musamati dziwe lija linauma, nkhono zinatha.

Kale anthu ankakhulupirira kuti pamchenga woyera popanda mabango palibe choopsa. Koma m'chaka cha 2001 akatswiri anafalitsa umboni wakuti mtundu wina, Bulinus nyassanus, womwe umapezeka m'nyanja yathu yokhayi ndipo umakhala pamchenga pansi pa madzi, nawonso umanyamula likodzo. Madzi oyera mbee si chitsimikizo.

Ulendo wa likodzo

Mfundo yomwe inandidabwitsa kwambiri ndi yakuti nkhono sibadwa ndi likodzo. Imalitenga kwa munthu.

Munthu wodwala likodzo amakhala ndi nyongolotsi m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo. Nyongolotsizi anaziona koyamba dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mumzinda wa Cairo m'chaka cha 1851, n'chifukwa chake pa Chipwitikizi matendawa amatchedwa bilharziose. Ndi zazitali sentimita 1 kapena 2, zimakhala ziwiriziwiri, yaimuna itafungatira yaikazi, ndipo yaikaziyo imaikira mazira mazanamazana tsiku lililonse. Dzira lililonse lili ndi kaminga. Mazirawa akamaboola khoma la chikhodzodzo kuti atuluke ndi mkodzo amasiya tizilonda, ndipo magazi omwe timawaona pomaliza kukodza amachokera m'tizilondato. Mazira ena satuluka, amakanirira m'thupi, ndipo ndi omwe amaononga ziwalo pang'onopang'ono.

Dzira likagwera m'chimbudzi kapena panthaka youma kutali ndi madzi, limafa. Likagwera m'madzi limaswa, n'kutulukamo kachilombo kosaoneka ndi maso komwe kamasambira kufunafuna nkhono. Kachilomboka kali ndi maola ochepa chabe: kakapanda kupeza nkhono ya mtundu woyenera kamafa tsiku lisanathe. Sikangalowe mwa munthu. Choncho zomwe ena amanena, zakuti likodzo limabwera ukaponda kapena kulumpha mkodzo wa mnzako panjira, si zoona.

Kakapeza nkhono kamalowa n'kuyamba kuchulukana. Pakatha masabata 4 mpaka 6, nkhonoyo imayamba kutulutsa tizilombo ta mtundu wina, ta mchira wamphanda, mazana mwinanso zikwi patsiku. Timatuluka kwambiri dzuwa likakwera, kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 2 koloko masana, nthawi yomwe ana aweruka kusukulu n'kuthamangira kukasambira. Tizilombo ta mchirati timaboola khungu labwinobwino, lopanda bala, m'mphindi zochepa. Sipafunika kumwa madziwo. Kuima m'madzi pochapa, potsuka mbale, pokoka khoka kapena pobzala mpunga n'kokwanira. Tikalowa timayenda ndi magazi kudutsa m'mapapo mpaka kuchiwindi komwe timakulira, kenako timatsikira kuchikhodzodzo. Pakatha miyezi 2 kapena 3 mazira amayamba kutuluka mumkodzo, ndipo ulendo uja umayambiranso. Nyongolotsizi zimakhala m'thupi zaka 3 mpaka 5, zina kuposa apo.

Apa ndi pomwe pali yankho la mayi aja. Mankhwala anapha nyongolotsi zomwe zinali m'thupi la mwana, koma sanaphe zomwe zinali m'nkhono za padooko. Mwanayo atabwerera m'madzi omwewo anatenganso. Ndipo nkhonozo zinapatsidwa matendawa ndi munthu wina yemwe anakodzera m'madzi, mwina mwana mnzake, mwina bambo wobwera ku usodzi.

Vutoli si la banja limodzi. Kafukufuku yemwe anachitika m'masukulu a m'dziko lathu la Moçambique kuyambira 2005 mpaka 2007 anayeza ana oposa 80,000, ndipo anapeza kuti ana 47 pa 100 aliwonse anali ndi likodzo la m'chikhodzodzo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse linati m'chaka cha 2021 anthu oposa 250 miliyoni amafunika mankhwala a likodzo, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo anali a muno mu Africa.

Nsomba zomwe zimatilondera

Pali nkhani ina yomwe asodzi ayenera kuimva. M'nyanja yathu muli nsomba zomwe chakudya chake ndi nkhono. Imodzi mwa izo akatswiri amaitcha Trematocranus placodon. Kukhosi kwake kuli mano ophwatalala ngati mphero omwe imaphwanyira zigoba. Kutsidya kwa nyanja, ku Cape Maclear m'dziko la Malawi, katswiri wa nsomba Jay Stauffer wa ku America ndi katswiri wa nkhono Henry Madsen wa ku Denmark, pamodzi ndi anzawo, anatsatira nkhaniyi kwa zaka zambiri. Anaona kuti kuyambira m'zaka za m'ma 1980 nsomba zodya nkhono zinachepa m'madzi osaya chifukwa chopha mopitirira muyeso ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, nkhono zinachuluka, ndipo likodzo linakwera pakati pa ana a m'midzi ya kumeneko.

Tikamakoka neti ya udzudzu m'mphepete mwa nyanja timaluza kawiri. Usiku ana amagona osafunda neti n'kudwala malungo, ndipo masana netiyo imakokolola tiana ta nsomba zomwe zikanakula n'kumadya nkhono. Chimodzimodzinso katupe, komanso kutsukira m'madzi mpope wopoperera mankhwala a mbewu: zimapha nsomba ndi alenje aja, koma udzudzu ndi nkhono sizichedwa kubwereranso.

Zinthu zikusinthanso. M'chaka cha 2017 nkhono za Biomphalaria zinapezeka m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi, ndipo ana ambiri kumeneko anapezeka ndi likodzo la m'matumbo lomwe kale silinkadziwika m'deralo. Nyanja ndi imodzi, ndipo nkhono sifunsa chiphaso pamalire. Gawo lathu la nyanjayi linalengezedwa kukhala malo otetezedwa m'chaka cha 2011. Kusunga malamulo a usodzi ndi nkhaninso ya umoyo wa ana athu.

Zizindikiro zomwe sitiyenera kubisa

Chizindikiro chodziwika ndi magazi pomaliza kukodza, nthawi zina ndi ululu. Likodzo la m'matumbo limabweretsa kupweteka kwa m'mimba, kutsegula ndi magazi m'chimbudzi, ndipo likakhalitsa chiwindi ndi kapamba zimatupa. Mwana wa likodzo amachepa magazi, amatopa msanga, amapinimbira ndipo m'kalasi amangosinza. Ena alibe chizindikiro chooneka koma mazira akutuluka ndithu.

Kwa amayi ndi atsikana, mazira amatha kukanirira m'njira ya chiberekero n'kuyambitsa zilonda, kupweteka pansi pa mchombo, chikazi chachilendo, kutaya magazi pogonana, ngakhale kusabereka. Ambiri amanamiziridwa kuti atenga matenda opatsirana pogonana, mabanja n'kusokonekera, chonsecho gwero lake ndi padooko. Zilonda zimenezi zimachititsanso kuti kachilombo ka HIV kalowe mosavuta. Mayi akapita kuchipatala ndi mavuto otere auze anamwino kuti amachapa kapena kusamba kunyanja. Kwa abambo magazi amatha kuoneka mu umuna. Likodzo losachizidwa kwa zaka zambiri limaononga impso ndipo lingayambitse khansa ya chikhodzodzo. Kukodza magazi si kukula, ndi matenda.

Mankhwala ake ndi praziquantel. Amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu, ndipo m'makampeni a m'masukulu amayeza msinkhu wa mwana pa ndodo kuti adziwe chiwerengero cha mapiritsi. Mwana adye kaye asanamwe. Ena amamva chizungulire, nseru kapena kupotokola m'mimba, koma zimatha pakapita maola ochepa. Mphekesera zakuti mankhwalawa amatseketsa kubereka ndi zabodza. Likodzo ndi lomwe limatseketsa.

Tichitepo chiyani?

Palibe angauze munthu wa kunyanja kuti asiye madzi. Koma izi tingathe:

1. Tisakodzere kapena kuchita chimbudzi m'nyanja, mumtsinje kapena m'mabango. Ana tiwaphunzitse kukodza kunyumba asanapite kukasamba. Mafumu ndi makomiti a asodzi aonetsetse kuti padooko lililonse pali chimbudzi.

2. Madzi osambitsira ana tiwatunge n'kuwasunga mumgolo masiku 2 athunthu, titaonetsetsa kuti mulibe nkhono. Kunja kotentha ngati kwathu kuno tizilombo ta mchira tija sitipirira nthawi imeneyi. Tikafuna kuwagwiritsa ntchito msanga tiwaphitse n'kuwasiya azizire.

3. Madzi akumwa tiziphitsa kapena kuthira Certeza motsatira malangizo a pabotolo. Komwe kuli mjigo, tizichapira ndi kusambira madzi a pamjigo.

4. Ngati n'kotheka tipewe kukhalitsa m'madzi masana dzuwa lili paliwombo. Kusamba m'mamawa kumachepetsa ngozi, ngakhale sikuithetseratu.

5. Kampeni ya mankhwala ikafika, ana onse amwe, ngakhale omwe sapita kusukulu ndi omwe akuoneka athanzi. Akuluakulu, makamaka asodzi ndi amayi ochapa kunyanja, apite kuchipatala kukayezetsa mkodzo. Amayi oyembekezera ndi makolo a ana aang'ono afunse anamwino.

6. Neti ya udzudzu ikhale pamphasa, osati m'madzi. Maenje a njerwa tiwakwirire.

7. Aphunzitsi omwe akufuna kuonetsa ana tizilombo ta m'madzi agwiritse ntchito chikho cha mpini wautali ndi beseni, ana asagwire madziwo ndi manja.

Mayi aja ndinakawapeza kunyumba kwawo n'kuwaonetsa nkhono ziwiri zija. Anandifunsa ngati kutola nkhono zonse padooko kungathetse vutoli. Ndinawauza kuti nkhono zimaswana msanga kuposa momwe manja athu angatolere, ndipo potolapo munthu angatenge matenda omwewo. Chomwe chingathandize ndi chakuti onse ogwiritsa ntchito dookolo amwe mankhwala ndipo aleke kukodzera m'madzi, chifukwa nkhono yomwe sinalandire dzira la likodzo ilibe choti ipatse mwana aliyense. Mwana wawo anapitanso kuchipatala ndipo analandira mankhwala. Panopa pakhonde pawo pali migolo iwiri, wina wa madzi a lero, wina wa madzi a dzana, ndipo nkhani ya chimbudzi cha padooko anakaitula kwa amfumu.

Ngati m'mudzi mwanu muli ana omwe akukodza magazi, musadikire kampeni, pitani nawo kuchipatala chomwe muli nacho pafupi. Mafunso anu tumizani kuno ku wailesi kapena perekani kwa maaktivista a zaumoyo a m'dera lanu, ndipo tidzawayankha pa pologalamu yathu pamodzi ndi anamwino.